Kuwerenga nkhope ya munthu pamene pakamwa pakuti "ndili bho"

Ife kuno kubisa timaphunzira tili ana. Mlendo akafika nthawi ya nsima ndiwo zili zochepa umamwetulira nkumati fikani fikani, apongozi akayankhula zokubaya umangoti zikomo amayi basi. Nde ukamadalira mawu okha upusitsidwa tsiku ndi tsiku. Koma pankhope pali timinofu tina tomwe timagwedezeka tokha munthu asanaganize nkomwe zobisa, ndipo ndi timeneto tofunika kuphunzira kutiyang'ana.

Yambani ndi kuidziwa nkhope ya munthuyo pamene palibe chavuta. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Pali anthu anabadwa ndi tsinya, olo akudya kanyenya nkhope ili ndwii ngati wina wawalanda ndalama, ena amaphethira pafupipafupi chibadwire. Chomwe mukusaka inu ndi kusintha. Chezani naye kaye za mvula, za mpira, za kukwera kwa mtengo wa feteleza, muone nsidze zake, maso ndi milomo zimakhala bwanji akamasuka, kenako mukatchula nkhani yeniyeniyo muone chasuntha ndi chani.

Ndipo muyang'ane nthawi yomweyo mawu akungotuluka mkamwa mwanu, osati akayamba kuyankha, chifukwa poyankha amakhala wakonza kale nkhope. Zizindikiro zinazi sizitha ndi theka la sekondi lomwe. Paul Ekman, katswiri wa ku America yemwe anapita kukafufuza pakati pa anthu a mtundu wa Fore ku Papua New Guinea chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndi amene anatchukitsa nkhani imeneyi. Anapeza kuti anthu omwe sankaonera mafilimu amazindikirabe chimwemwe, chisoni, mkwiyo ndi kunyansidwa pa zithunzi za anthu akutali.

Tiyambe ndi kumwetulira poti ndi komwe timanamizana nako kwambiri. Musayang'ane mano, mano aliyense amatha kuonetsa. Yang'anani maso. Munthu akasangalala zenizeni masaya amakwera, maso amachepa, timakwinya timatuluka m'mbali mwa maso ndipo khungu la pansi pa diso limatukuka pang'ono. Dokotala wina wa ku France, Duchenne de Boulogne, analemba zimenezi kale mu 1862. Kumwetulira kwa chiphamaso kumathera pakamwa, maso ali gwa, komanso kumabwera mwadzidzidzi nkuzimanso mwadzidzidzi ngati magetsi, pamene kwenikweni kuja kumabwera pang'onopang'ono nkumatha pang'onopang'ono. Mukauza mnzanu kuti mwapeza ntchito, muoneni pamene mukutembenuka kapena mukuyang'ana pa foni, ngati kumwetulira kuja kwagwa pompo ndiye mwina pali kanthu. Ndati mwina.

Chisoni chimabisala pa nsidze. Nsonga zamkati, izi zoyandikana ndi mphunozi, zimakwera m'mwamba nkupanga timakwinya pakati pa mphumi, ngodya za milomo zimatsika pang'ono ndipo nthawi zina chibwano chimanjenjemera. Tayesani pagalasi kukweza mkati mwa nsidze mokha, muona kuti anthu ambiri sizitheka mwadala, nchifukwa chake ine chizindikiro chimenechi ndimachikhulupirira kuposa zonse. Mwana akabwera ku sukulu nkunena kuti palibe chachitika koma nsidze zapanga chonchi, siyani zomwe mukuchita.

Mkwiyo ndi zosiyana, nsidze zimatsika nkukumana, maso amauma, milomo imapanikizana mpaka kuoneka yopyapyala ndipo ena mumaona nsagwada ikulimba apa pafupi ndi khutu. Chenjerani, munthu amene akuganiza kwambiri kapena akuvutika kuwerenga timalemba ting'onoting'ono amachitanso tsinya lomwelo, nde onani milomo musanagamule. Kunyansidwa nkosavuta, mphuno imakwinyika mlomo wammwamba nkukwera. Kunyoza kumaoneka mbali imodzi yokha, ngodya imodzi ya mlomo imakokeka ngati akufuna kuseka koma ayi, ndipo mu miting'i ya ku ofesi mukamapereka maganizo kamaoneka kwambiri kameneka, munthu uku akugwedeza mutu kuti eya eya.

Mantha ndi kudabwa anthu amasokoneza poti konse maso amatong'oka. Wodabwa nsidze zimakwera mopindika, kukamwa kuli yasa momasuka ndipo sizichedwa kutha. Wamantha nsidze zimakwera koma zikukokerana pakati, zikope zam'munsi zimalimba, milomo imakokekera chakumakutu. Kudabwa kukatenga nthawi yaitali, munthu ali "aaah zoona?" kukamwa kuli pululu mpaka kalekale, kawirikawiri nkhaniyo anaimva kale.

Poyeserera musayambire pa mkazi wanu kapena amuna anu chonde, muyambitsa ndewu. Tsegulani YouTube, pezani vidiyo ya kochi akufunsidwa mafunso timu yake italuza, kaya ndi Bullets kaya Wanderers, tsekani voliyumu, ikani liwiro pa 0.25. Onerani kumtunda kwa nkhope kokha, kenako kumunsi kokha, lembani zomwe mwaona, ndiye mutsegule mawu mufananize. Ana ang'onoang'ono nawonso ndi abwino kuphunzirirapo poti sanayambe kubisa. Pocheza ndi munthu maso ndi maso musamudyerere ndi maso ayi, aliyense amasintha nkhope akaona kuti akuyang'anitsitsidwa ndipo mudzakhala mukuwerenga manyazi omwe mwayambitsa nokha.

Tsopano ili ndiye gawo lomwe anthu a pa TikTok sakuuzani. Nkhope imakuuzani kuti pali chinachake, siikuuzani chifukwa chake. Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Munthu wosalakwa ukamufunsa za ndalama yosowa amachita mantha chimodzimodzi wakuba, poopa kuti simumukhulupirira. Ofufuza awiri, Bond ndi DePaulo, atasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 2006 anapeza kuti anthu amalondola bodza pafupifupi ka 54 pa 100 aliwonse, kusiyana pang'ono chabe ndi kungolota. Akatswiri ena monga Lisa Feldman Barrett amatsutsanso zoti nkhope imodzi imatanthauza chinthu chimodzi kulikonse. Ndipo zija amati woyang'ana pansi ndi wabodza, kwathu kuno sizigwira, mwana woleredwa bwino amazyolika poyankhula ndi akulu, mkamwini sapenyetsetsa apongozi ake.

Nde mukaona kanthu musanene kuti "ndakuona wakwiya", munthu amakana basi nkutseka chitseko. Dikirani mukhale awiri, anthu ena atachoka, nkunena mofatsa kuti "achimwene, nditatchula za munda uja ndinaona ngati sizinakukhaleni bwino, kapena ndaona molakwa?" Kenako khalani chete, musathamangire kudzaza mpatawo ndi mawu anu. Akati palibe, musakakamize, muuzeni kuti akafuna kuyankhula akupezani, mudzafunsenso mawa kapena mkuja.