Chiwongolero chikayamba kugwedera, mmene mungapezere pulei nkuyithetsa pakhomo

Akuluakulu amene mumayenda misewu yathu ino ya Ntcheu ndi Dedza, makamaka inu onyamula kachewere kuchokera ku Tsangano, kabichi ndi tomato wa pa Lizulu, nkhaniyi ndi yanu. Galimoto ikamadya mabampu tsiku ndi tsiku chiwongolero chimayamba kulekerera pang'onopang'ono, mwini wake osazindikira chifukwa manja amazolowera, mpaka tsiku lina uli pa M1 ukungoona galimoto ikupita yokha uku ndi uku, iwe kumangoibweza. Pa msewu wowongoka utha kupirira, koma potsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti ndi katundu kumbuyo, makona aja safuna chiwongolero chochedwa kumva.

Chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi, musamange kalikonse musanapeze pomwe pulei, kulekerera kwa chiwongoleroko, ikuchokera. Ambiri akangomva kuti chiwongolero chalekerera amathamangira kukamanga sikulu ya pa bokosi la chiwongolero, pomwe chatha ndi tayirodi, kajointi kokankha wilo kuti likhote, nde galimoto imalimba m'manja koma tayirodi ija ikadali yakutha ndipo tsiku lililonse itha kuzuka.

Yambani ndi kuyeza. Imikani galimoto pamalo osalala, mawilo aloze kutsogolo, ngati ili ya pawa siteringi lizani injini. Imani panja, dzanja lilowe pawindo, gwedezani chiwongolero pang'onopang'ono maso ali pa tayala lakutsogolo. Mtunda umene chikuyenda tayala lisanayambe kusuntha ndiyo pulei yanuyo. Mabuku ambiri a Toyota amati isapyole mamilimita 30 poyeza m'mphepete mwa chiwongolero, tingoti zala ziwiri. Ikapitirira pamenepo pali chomwe chatha. Onaninso mpweya m'matayala ndi manati a mawilo, nthawi zina vuto limathera pompo.

Tsopano itanani munthu wachiwiri, olo mwana wamkulu wa pakhomo, akhale pampando azigwedeza chiwongolero kumanja kumanzere osalekeza, mawilo ali pansi chomwecho osaikweza pa jeke, handibuleki yokoka ndi miyala kumatayala akumbuyo. Inu muziyang'ana ndi tochi kutsata njira yonse kuyambira mmwamba. Pansi pa chiwongolero pafupi ndi mapedulo, kapena mukatsegula boneti, pali kajointi ka mtanda kolumikiza shafuti, onani ngati mbali yakumtunda ikuzungulira yakumunsi itaima. Kawirikawiri ndi bawuti yofinya kajointiko imene yamasuka, mukangoimanga basi zatheka, koma ngati mtanda weniweniwo watha ndi wosintha. Mukamachotsa shafutiyi mangani chiwongolero ndi lamba wapampando chisazungulire chokha, chifukwa mkati mwake muli waya wokulungidwa wa eyabagi ndi hutala amene amaduka chikapota mopyola.

Mukatsika mmunsi zimatengera galimoto yanu. Ma Sienta, Probox, Vitz, Corolla ndi anzawo ali ndi raki, chitsulo chachitali chopingasa chokhala ndi mabuti a mphira mbali zonse. Onani ngati raki yonseyo ikusuntha pamalo pake, ikatero ndiye kuti mabushi oigwira atha kapena mabawuti amasuka, ndipo izi sizodula. Ma Hilux ndi Land Cruiser akale, komanso Dyna ndi Canter ambiri, ali ndi bokosi lomangidwa ku tchesi mbali ya dalaivala, kuchokera pamenepo pali mkono wa pitimani ndi zitsulo zopita kumawilo, ena alinso ndi aidila mbali inayo. Gwirani jointi iliyonse ndi dzanja mnzanuyo akugwedeza, yakutha imadziwika, mumamva kuti khu khu m'chikhatho ngakhale maso asakuona. Mabawuti omanga bokosi ku tchesi musawadumphe, ndipo pukutani matope muone ngati tchesi sinang'aluke pamenepo, magalimoto onyamula katundu m'misewu ya fumbi zimawachitikira.

Kenako ikwezeni pa jeke wilo limodzi, muikire sitandi kapena chipika cholimba cha mtengo pansi pa tchesi. Njerwa ayi chonde, zimaphwanyika mosachenjeza, ndipo jeke payekha si wolowera pansi pake. Gwirani tayala kumanja ndi kumanzere muligwedeze, likamagogoda ndi tayirodi yakunja kapena rakendi, jointi ya kumapeto kwa raki mkati mwa buti. Finyani buti ija ndi dzanja mumve ngati kugogodako kuli mkatimo. Mukatero gwirani pamwamba ndi pansi, likagwedera apo ndi bolojointi kapena beringi. Kuti musiyanitse uzani mnzanu aponde buleki, pulei ikatha ndi beringi, ikatsala ndi bolojointi kapena mabushi.

Nthawi zambiri mupeza kuti ndi tayirodi, chifukwa kamphira kake kakang'ambika fumbi la chilimwe ndi matope a dzinja zimalowa, girisi nkutha, kabolo ka mkati nkumadyeka. Iyi mutha kusintha nokha. Chotsani tayala, tsukani mazinga ndi bulashi ya waya muthire kaoilo, masulani pang'ono lokonati ya kumbuyo kwa tayirodi isanachoke pamalo pake chifukwa ikalendewera imavuta. Zulani sipiliti pini ndi pulayazi, masulani nati koma muisiye kumapeto kwa mazinga. Ndiye tengani hamala yolemera mumenye m'mbali mwa chitsulo chomwe tayirodi yalowamo, osati pamutu pa bawuti yake, mukamenya mwamphamvu kangapo imadumpha yokha. Poipotokola kuti ituluke werengani kuti yazungulira kangati, lembani penapake, yatsopano ilowe chimodzimodzi. Komabe ziikeni pamodzi yakale ndi yatsopano muone kutalika, makampani amasiyana, ikasiyana dalirani tepi osati kuwerenga kuja. Pogula tengani yakaleyo m'manja, ena yakumanja ndi yakumanzere sizifanana, ndipo pa magalimoto a bokosi mbali ina mazinga ake ndi obwerera. Mangani nati zolimba, bowo la pini likapanda kukumana onjezerani kumanga pang'ono osati kubweza, ndipo pini ikhale yatsopano, osati msomali kapena kawaya kotola.

Apa ndiyankhulepo mosabisa. Pali chizolowezi chomenya tayirodi yakutha ndi hamala kuti ifinyike, ena kupanikizamo mphira ya chubu kapena pepala la jumbo, ena mpaka kuwotcherera. Ndikudziwa ndalama ikuvuta, sipeya wakwera mtengo, koma zimenezi zimangobisa kugogoda masiku ochepa, kabolo kaja kakazuka wilo limapita kwake, chiwongolero chimangozungulira m'manja osagwira kanthu ndipo nthawi imeneyo mwina mwanyamula anthu opita ku msika. Bola kuimika galimoto sabata imodzi mukusaka ndalama ya tayirodi.

Rakendi nayo imasinthika pakhomo ngati muli ndi sipanala yokwana malo opanikizikawo, mumachotsa buti, kuwongola kawashala kokhoma, nkuipotokola. Buti yong'ambika musabwezeretse, ndi imene yapha rakendi yoyambayo. Mukapeza oilo wadzaza m'buti ndiye kuti masilo a raki atha, imeneyo ndi ya amakanika.

Zonsezi zikakhala bwino koma pulei ikadalipo, ndipo mukuona shafuti ikulowa m'bokosi ikuzungulira mkono wa pitimani uli chiimire, apo ndiye mwafika pa sikulu ija. Ili pachivundikiro cha bokosi, pakati pa nati yaikulu yoikhoma. Kwezani mawilo onse awiri akutsogolo, chiwongolero chikhale pakatikati, ikani chizindikiro ndi choko pomwe sikulu inali. Igwireni ndi sikuludiraiva, masulani nati, potozani sikulu kulowa mkati pang'ono kwambiri, theka la kota ya kuzungulira kumodzi basi, kenako gwirani isasunthe mukumanga nati. Zunguzani chiwongolero kuyambira kumapeto kufika kumapeto ena, chiziyenda mofewa paliponse popanda pomwe chikugwira. Pulei ikadali yambiri bwerezani theka la kota lina. Musafune kuti itheretu, kapulei kochepa kamafunika. Bokosi limadyeka kwambiri pakati pomwe timayendera nthawi zonse, nde mukamanga mopyola limakagwira mukakhota, ndipo mudzaona kuti mukatuluka pakona chiwongolero sichikubwerera chokha, zomwe ndi zoopsa kuposa pulei imene munayamba nayo. Zikatero bwezani sikulu. Ngati mwapotoza mpaka yatsala pang'ono kumira mu nati koma palibe kusintha, bokosilo latha, lifunika kukonzedwa kapena kusintha. Raki nayo ili ndi pomangira pake koma ine ndimati musakhudzepo, pamafuna zida ndi muyezo wake. Chimodzimodzi magalimoto a pawa yamagetsi, kugogoda kukakhala mkati mwa kolamu momwe muli mota, apatseni odziwa.

Mukamaliza bwezani tayala, tsitsani galimoto, mangani manati onse kachiwiri. Yesani kaye pamsewu wopanda anthu mwapang'onopang'ono, kukhota mbali zonse ndi kuponda buleki, mukabwerako gwiraninso manati amene munakhudza. Ngati munasintha tayirodi kapena rakendi alayimenti, kuwongola mawilo kuti aloze bwino, ndi yofunika ndithu, kuwerenga mazinga kuja ndi kongokufikitsani kugalaja. Poyembekezera mutha kuyeza ndi tepi pakati pa matayala awiri akutsogolo, mbali yakutsogolo ndi yakumbuyo pa msinkhu umodzi, miyezo iwiriyo ikhale pafupifupi yofanana. Ikasiyana kwambiri sinthani pa tayirodi mbali zonse ziwiri mofanana kuti chiwongolero chisapendeke, mukapanda kutero matayala atsopano adzadyeka mbali imodzi musanafike nawo patali, komanso pokapangitsa COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chiwongolero ndi matayala amaziyang'ana.