Mukatumizidwa ku tireningi ya Cambridge IGCSE, pitani ndi mapepala a ana anu

Aphunzitsi anzanga amene mwangolowa kumene kusukulu ya IGCSE (mayeso a sekondale okonzedwa ndi Cambridge ya ku UK) kuchokera ku MSCE, ahedi akakuuzani kuti dzina lanu lili pa tireningi ya Cambridge musaganize kuti ndi zija tinazolowera zokhala kumbuyo nkumadikira fanta ndi pepala la alawansi ayi, apa mukangokhala phee ndalama ya sukulu yapita pachabe.

Musanapite dziwani kodi ya sabujekiti yanu, Masamu ndi 0580, Biology 0610, Chemistry 0620, Physics 0625, komanso chaka cha silabasi chifukwa imasinthasintha. Ya 0580 kuyambira mayeso a 2025 ili ndi pepala loti mwana salowa ndi kakyuleta, ndiye ngati mukuphunzitsabe ndi manotsi a mnzanu amene anachoka kalekale mwatsala kale. Pemphani kusukulu akutsegulireni akaunti ya School Support Hub, webusayiti ya Cambridge ya aphunzitsi, mudawunilode silabasi, mapepala akale, ma mark scheme (osonyeza mayankho ndi kagawidwe ka malikesi) ndi lipoti la ma examiner, ochonga mayeso a Cambridge. Lipotilo ambiri sawerenga koma ndi momwe mumalembedwa zimene ana anaphonya funso ndi funso. Funsaninso ngati tireningiyo ndi ya oyamba kumene kapena ya amene aphunzitsapo kale silabasiyo, kulowa yolakwika ndi kungotaya nthawi.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi kuchonga. Ine ndimati wekishopu yonse phindu lake lili pamenepa basi. Tengani pepala limodzi lakale mupatse ana alembe, musankhe atatu, wanzeru, wapakati ndi uja amavutika, muchonge nokha ndi mark scheme kenako mupite nazo. Ophunzitsa akamagawa mayankho a ana oti aliyense achonge, lembani malikesi anu kaye musanamve za ena, mudzadabwa kuti inu mwapereka 2 pomwe examiner wapereka 4. Ku Masamu M ndi malikesi a njira, A ndi a ansa yolondola, B amayima paokha, ndipo pali FT kutanthauza kuti mwana akalakwa poyamba koma nkupitiriza bwino ndi nambala yolakwikayo amapezabe kenakake. Ambirife tinakula ndi bolopeni yofiira yothamangira ansa yomaliza, nchifukwa chake ana athu salemba njira, amaona ngati nzosafunika. Funsaninso za mawu oyambira funso aja, state, describe, explain, mwana akafotokoza zimene zikuoneka pomwe funso likufuna chifukwa chake malikesi amapita ngakhale atadzaza mizere yonse.

Ngati tireningiyo ndi ya pa intaneti onani nthawi bwinobwino, ikalembedwa ya ku UK ndiye kuti ife tili patsogolo ndi maola 2, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala ndi ola limodzi lokha. Gulani bandulo yokwanira, tchajani laputopu, magetsi mukuwadziwa kale.

Mukabwerako musangoika setifiketi mu fayilo. Sabata yomweyo itanani a dipatimenti yanu muchonge limodzi mapepala atatu aja, aliyense payekha kenako mufananize. Pomwepo kambirananinso za amene alembe Core (mapepala osavutirapo) ndi amene alembe Extended (ovutirapo), poti wa Core ngakhale atakhoza chotani sapitirira C, ndipo makolo auzeni zimenezi mayina asanatumizidwe ku Cambridge.