Kaonedwe ka mbalame zam'madzi kuzizira kukamatha

Lawirani m'mamawa, mbalame zimadya nthawi imeneyo ndipo mphepo imakhala isanayambe. Valani juzi yosawala, zofiira ayi ndithu. Mukafika kunyanjako imani dzuwa lili kumbuyo kwanu, apo ayi muzingoona tizinthu takuda tikuyandama basi. Mabainokyula (magalasi oonera zakutali) olembedwa kuti 8x42 ndi okwana, musavutike ndi odula.

Ndiye khalani phee pafupi ndi bango, osayendayenda. Yang'anitsitsani kadyedwe: abakha ena amangoviika mutu mchira uli m'mwamba, ena amamira thupi lonse nkukatulukira patali, apa mwasiyanitsa kale mitundu iwiri. Abakha aamuna a mitundu ina nthawi ino nthenga zimakhala zowala chifukwa akufunsira, akaziwo ndiye ovuta kuwazindikira. Chimeza amaima ngati chitsa pamadzi osaya, osamuyandikira amathawa msanga. Buledi musaziponyere mbalamezi, sazithandiza m'thupi.