Momwe mungadziwire chotupa cha pa impso mwa mwana chisanakule

Pali khansa ina ya ana, madokotala amati Wilms tumour, imamera pa impso ndipo imakonda kugwira ana osapitirira zaka 5. Kuipa kwake ndikoti nthawi zambiri siipweteka, mwana kusewera akusewera, phala akumwa, pomwe chinthu chikukula mmimbamo. Nde makolo anzanga kuno ku Mulanje tiyeni tizichita izi.

Choyamba, pomusambitsa kaya pomudzoza mafuta mugonekeni chagada, muyendetse dzanja pang'onopang'ono mmunsi mwa nthiti mbali zonse ziwiri. Chotupachi chimamveka cholimba ngati peyala losapsa, kawirikawiri mbali imodzi yokha, ndipo penanso mumangodabwa kabudula wayamba kuthina mchiuno koma mikono ndi miyendo sizikunenepa.

Mukachimva chonde musamachifinyefinye kapena kuitana aneba onse kuti agwireko, chikhoza kuphulikira mkati.

Kenako yang'anani mkodzo ngati ukufiira, thupi ngati likumatentha, kudya ngati kwachepa. Koma izi ana ena sizimawachitikira nkomwe, musadikire kuti ziwoneke kaye.

Apa ndi pomwe ambiri timatayira nthawi. Kuno malungo ndi osasowa nde mimba ikangotupa agogo akuti ndi kapamba uyu, kukatema mphini, kumwetsa zitsamba, miyezi nkumapita chotupa chikudzadza mimba yonse. Ine zimandiwawa chifukwa khansa imeneyi ndi imodzi mwa zomwe zimachizika ikapezeka msanga. Kapamba amakhala kumanzere inde, komatu impso nayo kumanzere iliko, ndi dzanja lokha simungasiyanitse.

Tengani buku lake la kuchipatala mawa lomwe, pitani ku helefi senta kapena ku Mulanje District Hospital kaya ku Mission, mukanene mosazungulira kuti "adokotala, ndikumva chinthu cholimba mmimba mwa mwanayu" ndipo mufunse za sikani ya pamimba. Akachikayikira amakupatsani kalata yopita ku Queens ku Blantyre komwe kuli wodi ya khansa ya ana.

Kumeneko amayamba ndi mankhwala kwa masabata angapo kuti chotupa chichepe, kenako opaleshoni yochotsa impso yodwalayo, nkubwereranso pa mankhwala. Mwana amakula bwinobwino ndi impso imodzi. Mimba ikaphwa ndi mankhwala oyambawo musathawe naye kuti wachira, chimameranso. Kambiranani pachibale msanga za thiransipoti, komanso oti azitsala ndi ana enawo ndi kumunda mayi akakhala kuchipatala.