Musanapereke ndalama ya puloti ku Thyolo kapena ku Mulanje

Malo ndi osowa m'maboma awiriwa. Nthaka yambiri yabwino ili pansi pa maesiteti a tiyi, ndipo yotsalayo anthu akuchita kulimbirana, makamaka m'mbali mwa msewu wa M2 pa Bvumbwe, Luchenza, Chitakale mpaka ku Limbuli. Madobadoba amakuthamangitsani kuti wina abwera ndi ndalama mawa. Musatengeke. Choyamba dziwani mtundu wa malowo ndi amene ali ndi mphamvu yowagulitsa.

Malo ena ndi a boma, monga nkhalango ya phiri la Mulanje ndi m'mbali mwa misewu. Pamsewu waukulu, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu ndi a msewuwo, ndipo mukamangapo adzakugumulirani popanda chipepeso. Ena ndi a freehold, opanda malire a zaka, ngati a maesiteti ambiri. Ena ndi a lizi, obwereka kwa zaka zowerengeka, kawirikawiri 99 pa malo omangapo nyumba, ndipo chaka chilichonse pamakhala ground rent, lendi ya malowo, yolipira. Koma ambiri amene akugulitsidwa kuno ndi a makolo.

Wogulitsa akanena kuti ali ndi lizi kapena title deed, chikalata cha umwini wa malo, musakhutire ndi fotokope. Tengani nambala ya pepalalo mukachititse search ku ofesi ya za malo ku Blantyre. Search imaonetsa dzina la mwini wake, kukula kwa malowo, komanso ngati pali charge kapena caution. Charge ndiye kuti malowo ndi chikole cha ngongole, ndipo ngongoleyo ikapanda kubwezedwa banki ikhoza kuwagulitsa inu muli pomwepo. Caution ndi chiletso chimene munthu wina anaika ponena kuti naye ali ndi gawo. Pa lizi onaninso zaka zotsala, ngongole ya ground rent, ndi ntchito imene malowo analolezedwa, chifukwa lizi ya ulimi simangirapo malo ogona alendo musanasinthitse.

Pa malo a makolo m'pamene ambiri amaluza ndalama. Kuno, pakati pa Alomwe ndi Amang'anja, munda umayenda kuchikazi. Bambo amene mwamupeza akulima akhoza kukhala mkamwini, wakhalapo zaka 20 koma munda ndi wa mbumba ya mkazi wake. Ngakhale mkaziyo sangagulitse yekha. Pali abale ake, pali mwini mbumba, pali ena ali ku Joni amene adzabwera nthawi ya Khirisimasi n'kupeza maziko m'munda wa amayi awo. Choncho pemphani kuti banja lonse likhale pansi pamaso pa anyakwawa, masana, pamalo pomwepo, eni minda yoyandikana nayo aliponso. Aliyense wovomereza asaine kapena adinde chala, ndipo nambala ya chitupa chake cha unzika ilembedwe. Wogulitsa amene akufuna mukumane pagolosale, kapena akuti malume ake musawavutitse, ameneyo musiyeni.

Kalata ya mfumu ya chidindo ndi umboni wofunika, koma si title deed, ndipo banki nthawi zambiri siilandira ngati chikole. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a za malo, wapampando wake gulupu, mamembala osankhidwa 6, atatu kapena kuposerapo amayi. Malamulowa anasinthidwanso mu 2022 ndipo kugulitsa malo a makolo kuli ndi zoletsa zake, kotero pitani ku ofesi ya za malo pakhonsolo mukafunse ngati malo amenewo akuloledwa kugulitsidwa komanso njira yowalembetsera.

Ngati mwini malo anamwalira, mwana woyamba kubadwa sakhala wogulitsa chifukwa cha ukulu. Malo olembetsedwa amagulitsa ndi munthu amene khoti linamupatsa makalata oyendetsera chuma cha masiye, ndipo lamulo la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana.

Malire musalozeredwe ndi chala. Chitsa cha nthochi chimasuntha, mzere wa nandolo umazulidwa. Ekala ndi pafupifupi mayadi 70 m'litali ndi 70 m'lifupi, hekitala ndi mamita 100 mbali zonse, pafupifupi maekala awiri ndi theka. Kuyeza ndi mapazi pamalo otsetsereka kumanamiza, ndiye itanani saveya wovomerezeka ayeze n'kukhoma mabikoni a simenti, anansi akuona. Pafupi ndi esiteti onetsetsani kuti simukulowa m'malire ake, chifukwa malo ooneka ogonera amakhala ali ndi pepala. Funsaninso anthu akale kumene madzi amadutsa. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa zimene napolo amachita m'munsi mwa phiri ndi m'mphepete mwa mitsinje ngati Ruo ndi Likhubula.

Mgwirizano ulembedwe ndi loya, utchule mayina, nambala ya puloti, kukula, mtengo, tsiku lolowa pamalopo, ndi kubwezedwa kwa ndalama ngati mkangano utabuka. Ndalama musapereke yonse kamodzi. Perekani kachigawo posainirana, yotsalayo mapepala osinthira umwini akasainidwa, ndipo idutse ku banki kuti pakhale umboni.

Pa malo olembetsedwa, kusintha dzina kumafuna chilolezo cha unduna wa za malo, chikalata cha MRA chotsimikiza kuti msonkho uli bwino, kulipira stamp duty (msonkho wa pa mapepala osinthira umwini), kenako kulembetsa. Ambiri amaima akangolandira pepala la wogulitsa, koma dzina lanu lisanalowe m'kaundula munthu uja angathe kugulitsanso kapena kukakongolera malo omwewo. Ngati kulembetsa kukuchedwa, uzani loya wanu aike caution m'dzina lanu, ndipo pulani ya nyumba ivomerezedwe ndi khonsolo musanakumbe maziko.