Momwe mudzi ungafewetsere malamulo otalikirana mliri ukayamba kuzilala

Mliri wa matenda opatsirana kudzera mu mpweya ukayamba kuzilala, mafumu, akuluakulu a mipingo ndi mizikiti komanso makomiti a m'madoko a asodzi amapanikizidwa ndi anthu kuti zonse zibwerere mwakale tsiku limodzi. Ife a ku Salima kuno tinaziona nthawi ya Covid-19. Anthu atatayirira kumapeto kwa chaka cha 2020, matendawa anabweranso mwaukali mu Januwale 2021, mwezi womwe nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi ndipo masukulu anatsekedwanso. Choncho kufewetsa malamulo kumafuna dongosolo, ndipo malire ake ndi zomwe Unduna wa Zaumoyo walengeza: mudzi ungathe kukhwimitsa kuposa pamenepo, koma sungalole zomwe boma laletsa.

Musanasinthe kalikonse, itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti akufotokozereni ngati chiwerengero cha odwala pa chipatala chapafupi chakhala chikutsika kwa masabata awiri otsatizana. Masabata awiriwa ali ndi chifukwa chake. Munthu amene watenga kachilombo ka korona amatha kukhala mpaka masiku 14 asanaonetse zizindikiro, kotero odwala amene mukuwaona lero anapatsirana matendawa masiku apitawo. Mukatsegula chinthu chimodzi, dikiraninso masabata awiri musanatsegule china, kuti zinthu zikavuta mudziwe pomwe pavutira. Boma nalo linatsegula masukulu pang'onopang'ono m'chaka cha 2020: Sitandade 8 ndi Folomu 4 anayamba pa 7 Sepitembala, ena onse anatsatira mu Okutobala.

Yambani ndi zochitika za panja, chifukwa pamene mphepo ikuwomba kachilomboka sikachulukana mu mpweya ngati m'nyumba yotseka. Apa kutentha kwa kunyanja kuno kumatikomera, popeza misonkhano yathu yambiri timachitira kale pansi pa mtengo wa mango. Malo ofunika diso ndi pa doko, monga ku Senga Bay m'mamawa maboti akamafika ndi usipa, pamene ogula amalowa m'madzi kukalimbirana nsomba mapewa atagundana. Komiti ya pa doko ilembe mizere pa mchenga yotalikirana mita imodzi, ogula azifika pa boti ochepaochepa, ndipo pafupi ndi mathandala oyanikapo nsomba pakhale ndowa ya mpopi ndi sopo. Sopoyo mumubowole ndi kumumangirira pa chingwe, apo ayi safika masana.

Zikayenda bwino pamenepo, lowani ku mapemphero. M'tchalitchi gawani anthu magulu awiri kapena atatu pa maola osiyana, mazenera ndi zitseko zonse zikhale zotsegula, ndipo mwambo ufupikitsidwe. Kwaya iziimbira panja kapena pakhomo, popeza kuimba mokweza kumatulutsa timadontho tambiri ta m'kamwa. Ku mzikiti Lachisanu aliyense abwere ndi mkeka wake ndipo mizere ifike mpaka pabwalo. Masiki ndi omaliza kuvula, ndipo moni wa m'manja udikire kaye, ngakhale kuti kwa ife kumpatsa mkulu moni wopanda dzanja kumaoneka ngati mwano. M'minibasi za pa msewu wa Salima kupita ku Lilongwe, mipando ikayambanso kudzaza, mazenera asatsekedwe ngakhale ena adandaule za fumbi.

Povuta kwambiri ndi pamaliro, ndipo apa amfumu ayenera kulimba mtima. M'nyumba ya siwa amayi amagona mothinana usiku wonse, akulira ndi kuimba, zitseko zitatsekedwa chifukwa cha udzudzu, ndipo ambiri mwa iwo ndi okalamba kapena odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene matendawa amawazunza kwambiri. Lolani kaye anthu ambiri kuperekeza maliro kumanda masana, koma m'nyumba ya siwa mugone achibale enieni okha. Pa chakudya pasakhale beseni limodzi losambiramo aliyense. Munthu mmodzi aziwathirira madzi m'manja. Agogo amene sanabayitse katemera wa Covid-19, yemwe anafika m'dziko muno mu Malichi 2021, akapepese masana ndi kubwerera kwawo kusanade.

Pa msonkhano woyamba ndi mlangizi uja gwirizanani za chizindikiro chobwerera m'mbuyo, ndipo mlembi achilembe m'buku la mudzi anthu onse akumva. Mwachitsanzo, mlangizi akanena kuti odwala achulukanso kwa sabata yathunthu, kapena mabanja angapo a mpingo umodzi akayamba kutsokomola ndi kutentha thupi nthawi imodzi, chomwe munatsegula komaliza chitsekedwe tsiku lomwelo popanda kuitanitsa msonkhano wina. Odwalawo akhale kunyumba kwawo, akayezetse, ndipo amene akubanika popuma muthamangire nawo ku chipatala atavala masiki.