Momwe mungadziwire mtengo woyenera wa boti ndi injini zogwirapo kale ntchito

Mwini boti akamagulitsa amakonda kutchula mtengo umodzi wa zonse: boti, injini, thanki, n'kuikapo nkhafi ndi nangula ngati banyira. Musalole kuwerengera choncho. Boti muliyike pa mtengo wake, injini pa mtengo wake, muphatikize pamapeto. Ndalama zambiri zili mu injini, ndipo chinyengo chambiri chimabisalanso momwemo.

1. Yambani mwadziwa mtengo wa zatsopano lero

Ndikuti lero, osati chaka chomwe mwiniwakeyo anagula. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo injini zonse zimachokera kunja, choncho munthu akhoza kukutchulirani ndalama zoposa zomwe anagulira yatsopano koma osakuberani. Imbani foni kwa ogulitsa injini ku Blantyre kapena ku Lilongwe, mufunse Yamaha Enduro ya mahosipawa 15 kapena ya 40, malinga ndi yomwe mukufuna. Za boti funsani amisiri awiri kapena atatu a kugombe kwanu, kaya ndi ku Msaka, Senga Bay kapena Nkhata Bay, kuti boti la kukula komweko angakhome pa ndalama zingati, matabwa ndi misomali zili momwemo.

Mmene ndimawerengera ine, injini yoti ikadali bwinobwino isapitirire magawo awiri mwa atatu a mtengo wa yatsopano. Yomwe inatsegulidwapo mkati ikhale pa theka kapena kutsika. Pamenepo muzichotsapo ndalama za chilichonse chofunika kukonza.

2. Boti litulutsidwe pamtunda

Boti lili m'madzi simungaone kanthu. Likokeredwe pamchenga, lipendekeke. Tengani sikuludiraiva muzibaya pa msana wa boti, mtengo wapansi uja, ndi m'munsi mwa nthiti momwe madzi amakhalitsa. Ikalowa mosavuta, thabwalo linavunda. Penti yatsopano isakusangalatseni. Boti lopakidwa sabata yatha, phula lili mbuu m'mizere yonse, ndiye lofunika kulibaya kwambiri.

Funsani kuti matabwa ndi a mtengo wamtundu wanji. Mlombwa ndi mbawa zimapirira madzi zaka zambiri. Paini sachedwa kuwola, ndipo boti lake lisayandikire n'komwe mtengo wa la mlombwa. Mukakayika, palani penti pang'ono ndi mpeni. Mizere ya dzimbiri yotsika kuchokera pa misomali ikutanthauza kuti misomaliyo yadyeka mkati, ndipo kukhomanso boti lonse si ndalama zochepa.

Thabwa lakumbuyo, lomangapo injini, ligwedezeni ndi mphamvu zanu zonse. Likamasewera, mudzataya injini pakati pa nyanja tsiku la mwera. Kenako bwezerani boti m'madzi, mukape madzi onse, mulisiye ola limodzi, muone omwe alowa.

3. Injini ili chizimire

Fikani m'mamawa osanena ola. Ikani dzanja pa injini. Ikakhala yofunda, mwiniwake wayamba wailiza kuti isakuvuteni polira, ndiye mubwerenso tsiku lina. Injini yabwino yozizira imalira mukakoka chingwe kawiri kapena katatu.

Onani nambala pa kachitsulo kali pomangira paja. Ikakhala yofufutidwa kapena kachitsuloko kachotsedwa, nyamukani, ngakhale mtengo utsike bwanji, chifukwa injini zakuba zimayenda kwambiri m'magombe. Palinso injini zotchipa zofanana kwambiri ndi Yamaha zomwe ena amaziveka chivundikiro ndi zomata za Yamaha. Makaniko wozolowera amazizindikira akangovundukula.

Masulani pang'ono sikuluwu yapansi ya oilo wa giya, pafupi ndi pulopela. Oilo akatuluka woyererako ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa. Kawirikawiri chimachititsa ndi ulusi wa ukonde womwe umakulungika kuseri kwa pulopela n'kudula silo, kalabala kotchinga madzi. Silo yokha ndi yotchipa, koma ngati mukuona tizitsulo tonyezimira mu oiloyo, magiya adyana kale, ndipo apo chotsani ndalama zambiri. Mapulagi akhale ofiirira. Ngati makaniko wanu ali ndi geji yoyezera kompuresheni, mphamvu yopanikizira mpweya m'masilinda, masilinda awiriwo asasiyane kuposa 10 peresenti. Makanikoyo akhale wanu, wobwera naye nokha, osati yemwe mwamupeza atakhala kale pambali pa wogulitsa.

4. Musaiyesere mu mgolo

Apa ndi pomwe ine zinandiwonongekera, ndiye ndikhalitsapo. Injini ya 15 yomwe ndinagula kwa mkulu wina inalira bwino kwambiri mu mgolo wa madzi. Utsi unali wochepa, madzi oziziritsa akutuluka pa kabowo kake, giya ikulowa kutsogolo ndi kumbuyo popanda phokoso. Titaimanga pa boti, ukonde wa chilimira wonyowa uli momwemo ndi anyamata onse atakwera, inangoyenda pang'ono n'kuyamba kufooka. Ukawonjezera moto, imangolira mokweza koma boti osathamanga. Vuto linali pawiri: labala la mkati mwa pulopela linali litatha moti limangoterereka, ndipo maring'i a pisitoni anali odyeka. Zonse ziwirizi mu mgolo sizioneka, chifukwa mulibe katundu woti injini ikankhe.

Choncho gulani petulo wanu, musakanize nokha ndi oilo wa 2T, lita imodzi ya oilo pa malita 50 a petulo. Ena akafuna kugulitsa injini yotha amathira oilo wambiri kuti azimbaitse phokoso la mkati. Kwezani anthu ndi ukonde monga mmene muzidzapitira kokagwira usipa, ndipo muyende theka la ola, mbali ina pa moto wonse. Muziyang'ana kamtsinje ka madzi oziziritsa kaja. Kakamadukiza kapena kutentha moti simungaikepo dzanja, impela yopopa madziwo yatha kapena njira za madzi zatsekeka ndi mchenga. Zimitsani injini ili yotentha, mudikire pang'ono, muilizenso. Injini yotopa imakana kulira ikatentha, ndipo imeneyo ndi yomwe imagoneka anthu pamadzi.

Yezaninso mafuta omwe yamwa. Enduro ya 15 pa moto wonse imamwa pafupifupi malita 7 pa ola, ya 40 pafupifupi malita 20. Ikapitirira kwambiri pamenepo, ndiye kuti zomwe mwapulumutsa pogula muzikazisiya kwa ogulitsa petulo wa m'zigubu. Mwiniwake akakana zoti muiyesere panyanja, basi nkhani yathera pomwepo.

Kanthu kena komwe anthu amaiwala pogula boti kwina injini kwina: mwendo wa injini ulipo waufupi ndi wautali. Waufupi pa boti lakumbuyo kotalika, pulopela imangomenya mphepo pa mafunde.

5. Kuwerengera ndi kunenerera

Lembani zonse zofunika kukonza, makaniko ndi mmisiri akuuzeni mitengo yake, muchotse pa ndalama zomwe munapeza poyamba paja. Muwerengere zipangizo zenizeni, osati za pamsika zija zongofanana bokosi, zomwe impela yake siimaliza nyengo imodzi. Nthawi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, maulendo a panyanja amachepa ndipo eni maboti amafewa pa mtengo. Usipa ukachuluka palibe amene angakutsitsireni.

6. Mapepala

Pafunika risiti yogulira injini, chiphaso cha usodzi chochokera ku Dipatimenti ya Usodzi, ndi kalata yogulitsirana yolembapo nambala ya injini. Musainirane pamaso pa amfumu kapena wapampando wa BVC, komiti yoyang'anira za usodzi ya pagombepo, amenenso angakunong'onezeni ngati botilo linaikidwa chikole pa ngongole. Ndalama mupereke tsiku lomwe mukunyamula injini, ndipo muonenso nambala ija musanaikweze pa galimoto.